Kodi buku lophunzirira Chiswahili lolembedwa m'Chingerezi n'loyenera kugula?

Wamalonda wa ku Mchesi: Akuluakulu, ndikufuna kuyamba kukapikula katundu ku Kariakoo, mumzinda wa Dar es Salaam, ndipo ndapeza buku la mawu ndi aneni a Chiswahili lomwe analembera anthu olankhula Chingerezi. Akuligulitsa K35,000. Kodi ndiligule, kapena ndalamayi ndiiwonjezere ku mpamba?

Mayi a ku Mzuzu: Bambo, samalani. Ine ndinapereka K40,000 kwa munthu wina amene anandilonjeza buku lenileni, koma chomwe chinafika ndi mapepala a fotokope, ena osawerengeka, ndipo gawo lonse la manambala munalibe. Mpaka lero munthuyo sayankha foni yanga, ndipo nkhaniyi imandiwawabe.

Dalaivala wa mathiraki: Ine sindinagulepo buku, koma ndikangowoloka pa Songwe ndimacheza ndi anthu a ku Kyela ndi ku Mbeya popanda wondimasulira. Munthu ndi mtu, anthu ndi watu, mvula ndi mvua. Masamba ambiri a mabuku amenewa amathera kufotokozera Azungu magulu a mayina, zomwe ife tinayamwira.

Mphunzitsi wopuma wa ku Karonga: A dalaivala, kufanana kumeneko n'kumene kumagwetsa anthu athu m'mavuto. M'Chichewa, "-na-" amasonyeza zomwe zinachitika kale, koma m'Chiswahili amasonyeza zomwe zikuchitika tsopano, choncho wamalonda akanena kuti "ninalipa" poganiza kuti akutanthauza "ndinalipira", mwini sitolo amamva kuti ndalama ikutuluka m'thumba panopa. Wolipira kale amati "nililipa" kapena "nimelipa", wodzalipira amati "nitalipa", ndipo amene sanalipirebe amati "sijalipa". Manambala nawonso salola kungoganizira, chifukwa sita (6), saba (7), tisa (9) ndi ishirini (20) anachokera ku Chiarabu, pamene "laki moja" ndi 100,000. Koloko yawo imayambira m'mawa, moti basi ya "saa moja asubuhi" imanyamuka 7 koloko. Buku labwino limaika zonsezi m'ndondomeko, ndipo ine ndikuti ligulidwe.

Wophunzira wa ku Zomba: Pa Duolingo, pulogalamu ya pafoni yophunzirira zilankhulo, pali maphunziro a Chiswahili aulere, nawonso kudzera m'Chingerezi. Palibe chifukwa cholipirira mapepala.

Mayi a ku Mzuzu: Bandulo si yaulere, mwana wanga.

Wogulitsa nsalu ku Limbe: Mtengo umenewo akukuberani, chifukwa ine ndinaona buku lotero pa K18,000 kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Komanso ku Kariakoo mumangofunika kudziwa "bei gani" (mtengo wake ndi wotani) ndi "punguza" (tsitsani mtengo), zotsalazo mumalemba pa kakyuleta.

Mphunzitsi wopuma wa ku Karonga: Kakyuleta siidzakuthandizani pamene katoni yanu yasowa ndipo mukufunika kufotokoza amene anainyamula, nthawi yake, ndi zomwe munagwirizana.

Wamalonda wa ku Mchesi: Mayi a ku Limbe, kodi la K18,000 lija linali ndi gawo la aneni, ndipo munaliona mumsewu uti?