Wodwala wanga sakusiya fodya, ndiwathandize bwanji?

Wosatchula dzina: Anzanga a zamano, thandizeni. Pali mayi wina wa zaka za m'ma 50, ndawazula mano awiri chaka chino, lachitatu likugwedera. Fodya sakusiya. Nthawi yokhala nawo pansi ndilibe, benchi imadzaza m'mawa uliwonse, mpando womwewo ndi wothyoka, mnzanga wapantchito amachoka 11 koloko osatsanzika. Mwana wawonso amandiyankha mwamwano. Ndiwauze chiyani?

Dokotala wa mano, Lilongwe: Za mpando zisiyeni. Mphindi zitatu ndi zokwanira. Funsani kuti amasuta ndudu zingati patsiku, ndipo yoyamba amayatsa nthawi yanji akadzuka. Apatseni galasi aone okha nkhama zawo. Gwirizanani tsiku losiya, lisapitirire masabata awiri, ndipo abwerenso sabata yoyamba isanathe. Chibaba chimavuta kwambiri tsiku lachiwiri ndi lachitatu, ambiri amagwera pamenepo.

Namwino wa ku Mzuzu: Muwachenjezeretu za magazi. Fodya amafinya timitsempha ta m'nkhama, ndiye chiseyeye chimabisala. Akangosiya nkhama zimayamba kutuluka magazi potsuka, iwo n'kumati kusiyako ndi kumene kwawadwalitsa. Chotsani litsiro louma la m'mano sabata yomweyo.

Dokotala wa mano, Lilongwe: Ngati amaposa ndudu 10 patsiku, ma patch a nikotini (zomata pakhungu zochepetsa chibaba): 21 mg masabata 6, 14 mg masabata awiri, 7 mg masabata awiri. Amate pakhungu louma lopanda cheya, azisintha malo tsiku lililonse. NKHANI YATHA.

Wa famase: Yatha bwanji bwana? Ma patch amenewo mayi wa kumudzi awagula kuti, ndi ndalama ziti? Ndipo osuta chingambwe sawerenga ndudu. Chingamu cha nikotini chikapezeka, 4 mg ndi cha amene amasuta pasanathe mphindi 30 atadzuka, enawo 2 mg. Satafuna ngati chingamu cha pagolosale: atafune pang'ono, chikayamba kuyabwa achiike m'tsaya. Akamangotafuna amameza nikotiniyo, ndiye ntchofu ndi nseru. Akamwa tiyi, khofi kapena zakumwa zozizilitsa kukhosi adikire mphindi 15 asanatafune. Wa mano oikirira kapena ogwedera musamupatse, chimamata.

Mlimi wa ku Kasungu: Inu mukuletsa anthu fodya, malipiro anuwo amachokera kuti? 😂

Dokotala wa mano, Lilongwe: Achimwene, burley wanuyo ambiri amapita kunja. Ndipo Malawi analowa m'pangano la WHO lochepetsa fodya mu 2023. Pano tikukamba za mkamwa mwa munthu.

Mlimi wa ku Kasungu: Panganolo silinagule feteleza.

Wa zamano, Zomba: Dzino lachitatulo mukazula, asayandikire fodya masiku atatu. Kukoka utsi kumachotsa magazi oundana pabowo, fupa limakhala poyera, ululu wake umayamba cha tsiku lachitatu ndipo panado sagwira. Zikatero tsukani bowolo ndi saline (madzi amchere a kuchipatala), ikani dressing yotseka bowolo. Ma antibiotic okha sathetsa vutolo.

Namwino wa ku Mzuzu: Koma tonsefe tikungoti ndudu, ndudu. Mwini funso sananene kuti amasuta. Amayi a msinkhu umenewo ambiri ndi a fodya wopera woika kumlomo. Ndi uti?

Dokotala wa mano, Lilongwe: Fodya ndi fodya asisi, njira yake ndi yomweyo.

Namwino wa ku Mzuzu: Ayi dokotala. Mlingo wa patch mwauwerengera pa ndudu. Wa kumlomo mumafunsa kuti amaika kangati patsiku, amasunga nthawi yotalika bwanji, amagona nayenso kapena ayi. Ndipo mumakweza mlomo n'kuyang'ana penipeni pamene amaikapo.

Wosatchula dzina: Pepani ndinaiwala, sasuta, amaika kumlomo wakumunsi. Pamenepo pali banga loyera, akuti lakhalapo miyezi ingapo koma silipweteka.

Wa zamano, Zomba: Abale inu! Zimenezi n'zoyambira, osati mpando wothyoka. Pukutani ndi gauze. Likachoka mwina ndi mafangasi, ganizirani zoyeza HIV ndi shuga. Likapanda kuchoka, kapena lili ndi mofiira, pouma, kapena chilonda choposa masabata awiri, musadikire kuti asiye kaye fodya. Papasani timabulu ta m'khosi, lembani kukula kwa bangalo mu mamilimita, muwatumize ku Queens kapena ku Kamuzu Central akadule kanyama kokayeza. Khansa ya mkamwa poyamba sipweteka.

Dokotala wa mano, Lilongwe: Ndi zimene ndimanena, FUNSANI kaye. Koma tsiku losiya mugwirizanebe.

Wosatchula dzina: Abwera Lachinayi. Kalata yotumizira ndilembe ndekha kapena asainire a clinical officer? Poti iwowo sitikuyankhulana.