Bambo anga miyendo yatupa, kuchipatala akuti ndi mtima, zikugwirizana bwanji?

Wa ku Namwera:
Abale ndithandizeni. Bambo anga miyendo yatupa mpaka nsapato zasiya kulowa, ukadina ndi chala pamatsala kadzenje osabwerera msanga, ndiye usiku sakugona chagada akuti akubanika, akumagona chokhala pampando. Kuchipatala ati mtima wafooka koma ine mutu sukugwira, mtima uli pachifuwa madzi akukapezeka bwanji kumapazi? Azakhali ayamba kale zoti anaponda mankhwala kumunda.

Nesi wa ku Monkey Bay:
Pepani achimwene, zoponda mankhwalazo zisiyeni kaye. Mtima ndi pampu, mbali ya kumanja imalandira magazi ochokera m'thupi nkuwatumiza kumapapo, ya kumanzere imalandira ochokera kumapapo nkuwakankhira thupi lonse. Ukafooka magazi amachedwa kuyenda, amadzazana m'mitsempha mpaka madzi ake amayamba kutulukira m'mnofu, ndipo poti munthu tsiku lonse ali choimirira kapena chokhala madziwo amatsikira kumapazi. Akagona chagada madzi aja amabwerera m'magazi nkukaunjikana kumapapo poti mbali ya kumanzere ikulephera kuwachotsa, kubanikako ndi kumeneko. Chimene ambiri sadziwa ndi za impso, zikaona kuti magazi akubwera ochepa zimayesa thupi lauma ndiye zimayamba kusunga mchere ndi madzi, mtima wotopa kale uja ntchito nkuchulukiranso.

Wa ku Namwera:
Koma bambo sanadwalepo mtima chibadwire, zangoyamba basi.

Nesi wa ku Monkey Bay:
Sizimangoyamba ayi, anayezetsako BP liti? Kwa akuluakulu nthawi zambiri ndi BP yomwe yakhala yokwera zaka zambiri osamva kupweteka kulikonse, mnofu wa mtima umakhuthala nkulimba kenako umafooka. Ena ndi shuga, mowa makamaka kachasu, kuchepa magazi kwambiri, TB imathanso kudzadza madzi m'thumba lokuta mtima. Achinyamata ambiri ndi zilonda zapakhosi zomwe sizinachizidwe ali ana, zimakaononga ma valve, titseko ta mumtima toletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Ngakhale mayi wongobereka kumene zimamuchitikira.

Mayi wa pa Boma:
Amayi anga ali pa Lasix, mankhwala ochotsa madzi m'thupi, ndiye ndikudziwa, mapiritsi amenewo amakodzetsa heavy, ife timawapatsa m'mawa kuti usiku agone. Koma nkhondo ili pa mchere aise, usipa ndi utaka ukomere popanda mchere ndani, ine ndimawapatulira ndiwo zawo ndisanathire. Brufen ndi diclofenac zogula pa golosale osawapatsa, zimasungitsa madzi. Muziwakweza pasikelo, akakwera makilo 2 m'masiku atatu ndi madzi amenewo osati kunenepa, thamangani nawo.

Mphunzitsi wa ku Makanjira:
Muwapemphe ayezenso impso ndi chiwindi, nazonso zimatupitsa miyendo ndi mimba, komanso kuno kunyanja likodzo lokhalitsa limaononga zimenezi. Azakhaliwo muwatenge pokaonana ndi adokotala akamve okha, apo ayi mudzangopeza bambo awatemera kale mphini.