Siginecha ya XML yayamba kukana titakwezera ku Java 17, thandizeni abale

Mnyamata_wa_ku_Ntcheu

Akuluakulu muli bwanji muno. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo masiku atatu tsopano. Ndimagwira ntchito pa kakampani kakang'ono ku Randburg, ku Joni kuno, timalandira mafayilo a XML kuchokera kwa kasitomala wathu wina, amabwera atasainidwa (siginecha ya pakompyuta yotsimikiza kuti fayilo yachokeradi kwa iwo ndipo sinasinthidwe) ndipo sisitimu yathu imayamba yaona kaye ngati siginecha ili bwino isanachite china chilichonse. Zaka zonsezi zimayenda bhobho pa Java 8 ndi Spring Boot 2.7. Ndiye bwana anati basi tikweze, ndipo poti Spring Boot 3 siilola Java yochepera 17 tinasuntha zonse kamodzi Lachisanu madzulo (ndikudziwa, musanditukwane).

Lolemba mmawa fayilo iliyonse ikugwa ndi uthenga uwu:

It is forbidden to use algorithm http://www.w3.org/2000/09/xmldsig#rsa-sha1 when secure validation is enabled

Ndinafufuza pang'ono kenako ndinaika setProperty("org.jcp.xml.dsig.secureValidation", false) pa DOMValidateContext, uthenga uja unasowa, ine nkupita kukagula kota (buledi wothira tchipisi mkati) ndikudzimva udolo. Pobwerako ndapeza zina zikudutsa koma zina validate() ikungobweza false, zii, osanena chifukwa. Dzulo pa mafayilo 40, 9 anakana. Satifiketi ndi yomwe ija, sinathe nthawi, khodi yoona siginecha sindinaikhudze. Kasitomala akuti kwawo sanasinthe kanthu. Ndiyambire pati?

MayiKhodi

Achimwene, choyamba kabwezeni secure validation ija lero lomwe. Mwachita ngati munthu amene kiyi yamuvuta ndiye wangozula chitseko chonse.

Pa Java 17 anasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi: secure validation inayamba kukhala yoyatsa yokha, komanso SHA-1, njira yakale yopangira hashi (kachidindo ka manambala kochokera pa zomwe zili mu fayilo), inalowa pa mndandanda wa zoletsedwa. Mukaizimitsa yonse simukungololeza SHA-1 yokha ayi, mukuchotsanso noDuplicateIds, yomwe imakana fayilo yokhala ndi ma Id awiri ofanana, ndipo akamberembere amalowera pomwepo, amasiya chigawo chosainidwa chili bwinobwino nkuika china chabodza pambali, siginecha nkudutsa koma sisitimu yanu nkuwerenga chabodzacho. Mukuchotsanso choletsa XSLT ndi choletsa ma Reference oloza ku http kapena file. Pa mafayilo okhudza ndalama za anthu zimenezo ayi.

Tsegulani conf/security/java.security, pezani jdk.xml.dsig.secureValidationPolicy, muona mizere ya disallowAlg. Chotsani iwiri yokha, wa xmldsig#sha1 ndi wa xmldsig#rsa-sha1, ina yonse isiyeni. Ngati muli pa Docker musasinthe fayilo ya mu JDK mwenimweniyo chifukwa image ikadzasintha mudzaiwala, pangani kafayilo kanu nkukaloza ndi -Djava.security.properties.

Koma zimenezi ndi zongogwirizira. Kasitomalayo mulembereni asamukire ku rsa-sha256. SHA-1 anthu a Google ndi CWI ya ku Amsterdam anaonetsa kale mu 2017 kuti mafayilo awiri osiyana atha kutulutsa hashi imodzi, si nkhani yatsopano.

Chule_wa_pa_Braam

aise wayang'ana setNamespaceAware(true) pa DocumentBuilderFactory? ine inandigwetsapo imeneyo. komanso setIdAttribute ngati Reference ikuloza #chakuti

Mnyamata_wa_ku_Ntcheu

Amayi zikomo, ndamva ndipo ndachita manyazi, ndabweza ndipo ndachotsa mizere iwiri ija basi. Aise Chule zonsezo zilipo kale, zikanakhala zimenezo bwenzi onse 40 akukana osati 9 okha. Reference yathu URI ndi yopanda kanthu, enveloped, fayilo yonse.

Madala_Unix

Mphwanga, false ameneyo sakunena kanthu chifukwa wamufunsa funso limodzi pomwe mafunso alipo awiri. validate() imaona zinthu ziwiri: ngati SignatureValue ikugwirizana ndi SignedInfo pogwiritsa ntchito kiyi, ndiponso ngati DigestValue ya Reference iliyonse ikugwirizana ndi zomwe zili mu fayilo panopa. Zipatule. Itana signature.getSignatureValue().validate(ctx) payokha, kenako zungulira ma Reference a mu getSignedInfo() uziitana ref.validate(ctx) iliyonse. Ikakana yoyamba yokha, ganizira kiyi yolakwika kapena SignedInfo yomwe yakhudzidwa. Ikakana Reference ndiye kuti wina wagwira fayilo itasainidwa kale, ndipo kawirikawiri winayo ndi iwe mwini.

Usanaitane validate ika setProperty("javax.xml.crypto.dsig.cacheReference", true). Ukatero ref.getDigestInputStream() ikupatsa ma byte enieni amene analowa mu hashi. Alembe mu fayilo, uchite chimodzimodzi pa Java 8 ngati seva yakale ikadalipo, kenako diff. Palibe kulosera apa, uziona ndi maso.

Ndipo pali bodza lina lomwe anyamata ambiri amalikhulupirira, loti canonicalization (C14N mwachidule, kusanja XML m'njira imodzi isanalowe mu hashi) imakonza chilichonse. Ayi ndithu. C14N imasanja ma attribute mu dongosolo limodzi, imasintha tagi yopanda kanthu kukhala yotsegula ndi yotseka, imachotsa mzere wa xml version pamwamba paja, koma mipata ndi mizere yomwe ili pakati pa ma element siikhudza, imaiona ngati deta. Sipesi imodzi yokha yoonjezera hashi yasintha. A .NET amalira ndi zomwezi akaiwala PreserveWhitespace = true asanachite Load, ndinakhalapo usiku wonse mu ofesi ina ku Midrand chifukwa cha kamzere kameneko, mlonda mpaka anandibweretsera tiyi pondimvera chisoni.

Funso langa ndi ili: 9 akukanawo adutsa njira yofanana ndi 31 enawo? Kuchokera pomwe fayilo yafika mpaka pomwe ukuiona siginecha, yagona kuti? Ndipo tenga fayilo imodzi momwe inachokera kwa kasitomala, usanaigwire, uyese ndi xmlsec1 --verify --pubkey-cert-pem pa terminal. Ikadutsa pamenepo usavutitsenso kasitomala.

Mnyamata_wa_ku_Ntcheu

Madala mwandipha ndi funso lija loti yagona kuti. Ndinaliwerenga ndili mu taxi kuchoka ku Randburg kupita ku Bree, ndipo tisanafike ndi pa Rosebank pomwe ndinali nditakumbukira. Ndinafika kunyumba osavula ndi nsapato zomwe, laputopu pa bedi.

Nkhani ili chonchi. Fayilo ikafika ndipo zonse zili bwino timaiona siginecha nthawi yomweyo kuchokera pa ma byte a request, amenewo ndi 31 aja. Koma sisitimu ya maakaunti ikakhala kuti sikuyankha, monga netiweki ikagwa magetsi akathima, fayilo timaisunga mu database kuti tidzayesenso usiku. Ndiye amene analemba chigawo chosungacho, anachoka kale ine ndisanabwere, samasunga ma byte ayi, amatenga Document nkuidutsitsa mu Transformer yokhala ndi OutputKeys.INDENT "yes", kuti izioneka bwino munthu akamaiwerenga mu database. Usiku job imawerenga zimenezo nkuonanso siginecha.

Pa Java 8 zimadutsa mwamwayi chabe chifukwa mafayilo a kasitomalayu amabwera atasanjidwa kale ndi mizere yake, ndiye Transformer imangowasiya momwe alili. Pa 17 ndapanga diff monga munanenera, mayo ine, pakati pa tagi iliyonse pali mzere wopanda kanthu woonjezera ndi masipesi ena. Pa sikirini fayilo ikuoneka yomweyo, mayina omwewo, ndalama zomwezo, koma Reference ikukana ndipo SignatureValue nayo ikukana poti SignedInfo nayonso yalowa mizere. Fayilo yoyambirira pa xmlsec1 yadutsa bwinobwino, OK.

Ndachotsa INDENT. Kasitomala ndinali nditamulembera kale maimelo awiri omuloza chala, mawa ndikapepese.

MayiKhodi

Eya, INDENT inasintha khalidwe kuyambira Java 9, ambiri amene analumpha kuchoka pa 8 anakumana nayo mizere imeneyo, kungoti ambiri imangowanyansa mmaso, inu yakuswerani siginecha.

Koma kuchotsa INDENT kokha sikundikwanira ine. Fayilo yosainidwa musamaidutsitse mu Transformer mpang'ono pomwe, sungani ma byte momwe afikira, mu column ya bytea kapena BLOB, osati ya text kapena ya xml poti kumeneko encoding ndi mathero a mizere zitha kusinthidwa inu osadziwa. Mukufuna yooneka bwino ya anthu a support, pangani kope lachiwiri. Ndipo ikani fayilo imodzi yosainidwa mu ma test anu idutse njira ya usiku ija, kuti tsiku lokwezera ku Java 21 idzakuuzeni isanafike kwa bwana.

Madala_Unix

China mphwanga, ngati inunso mumasaina zobweza kwa kasitomala, tsegula imodzi uone mu SignatureValue ndi X509Certificate. Ma Java atsopanowa amaika  (chizindikiro cha carriage return) kumapeto kwa mzere uliwonse wa base64. Mwalamulo palibe cholakwika koma masisitimu ena akale amakana. Ukaziona usathamangire replace pa fayilo yonse itasainidwa, ubwereranso pomwe wachoka. Pali -Dcom.sun.org.apache.xml.internal.security.ignoreLineBreaks=true, iike poyatsa JVM.

Mnyamata_wa_ku_Ntcheu

Ndaona, ma  alipodi koma mbali yawo ikulandira ndiye sindikhudza. Column ya bytea ndapanga, test ndikulemba panopa. 9 aja ndayesa kuchotsa mizere yoonjezera pamanja kuti abwerere mwakale, awiri adutsa, enawo akukanabe ndipo ndatopa kusaka sipesi, ndangowapempha atumizenso. Za SHA-256 ayankha kuti aziona chaka chamawa bajeti ikatuluka. Madala, Loweruka ngati muli cha ku Yeoville nsima ya chambo ndilipira ine, Amayi nanunso bwerani.

Chule_wa_pa_Braam

nanga ine wa namespace uja sindidya?