Nyumba ya zaluso kwathu ku Katete: tiumbe njerwa kapena tiyambe ndi chionetsero?

A Banda (Wapampando): Moni nonse a kwathu ku Katete amene tili muno mu Lusaka. Loweruka lija tinabalalika tisanamange mfundo. M'thumba la gulu muli K84,000. Ena akuti tiyambe kumanga nyumba ya zaluso ku boma, ena akuti tibwereke holo tichite chionetsero choyamba sabata ya mwambo wa Kulamba mu Ogasiti. Lembani maganizo pano. Chonde bwerani ndi manambala, mtima wokha tinaumva kale.

A Mwale: Zikomo a Wapampando. Ine ndili ku mbali yomanga, koma timvetsetsane kaye kuti nyumba yoonetseramo zithunzi si holo ya ukwati. Chipinda chikhale mamita 12 mulitali ndi 8 mulifupi, makoma atalike mamita 3.5. Pa makoma opachikapo zithunzi pasakhale windo. Mawindo akhale ang'onoang'ono, m'mwamba, mbali ya kummwera, chifukwa kuno dzuwa limapendekera kumpoto miyezi yambiri ya chaka, ndiye kuwala kolowera kummwera kumakhala kofatsa. Tisanathire silabu, dothi lipoperedwe mankhwala a chiswe, kenako pepala la pulasitiki lotchinga chinyezi. Mukadumpha pepala limeneli, dzinja loyamba lomwe khoma limanyowa kuchokera pansi ndipo kuseri kwa zithunzi kumachita chuku. Malata opanda siling'i ndiye ayi. Mu Okutobala m'kati mumatentha ngati mu uvuni, usiku n'kuzizira, matabwa a mafelemu amafufuma n'kunyala tsiku ndi tsiku mpaka penti kusweka.

ANaphiri (Msungichuma): Achimwene a Mwale, zonsezo n'zoona. Tiuzeni chimodzi chokha: K84,000 ikufikitsani pati?

A Mwale: Maziko, silabu, mwina makoma mpaka pa windo. Pa denga sitifika.

ANaphiri (Msungichuma): Basi mwayankha nokha. Nyumba zoima pa windo zamera udzu kuyambira pa Luangwa Bridge mpaka ku Chipata, tisawonjezere ina. Ndipo ngakhale itatha, mwezi uliwonse ifuna mlonda, munthu wotsegula ndi kulandira alendo, malaiti, madzi, zotsukira. Zimenezi palibe amakonda kusonkhera, chifukwa dzina la wopereka sililembedwa pa bilu ya malaiti. M'buku langa muli mayina 120, koma amene amapereka K50 mwezi ndi mwezi osakumbutsidwa ndi 47. Ndiye kuti K2,350 pa mwezi. Malipiro a mlonda yekha sakwana pamenepo.

Mayi Zulu: Ndiwonjezere pa mawu a aNaphiri. Onani amene anatitsogolera. Lechwe Trust anaiyambitsa mu 1986 a Cynthia Zukas, a Bente Lorenz ndi a Henry Tayali. Anakhala akugula ntchito za aluso a m'dziko muno, kuthandiza ophunzira ndi kuchita zionetsero m'malo a eni, ndipo nyumba yawo ya pa Lagos Road inatsegulidwa mu 2018. Werengani zaka zimenezo. Pamene makoma ankaima, zopachika zinalipo kale ndi anthu odziwa kuzisamala analipo. Ife tikufuna kuyamba ndi khola ng'ombe tilibe.

A Mwale: Iwo anali mu Lusaka, malo obwereka ndi ambiri. Ku Katete mubwereka kuti?

A Tembo: Holo ya sukulu kapena ya mpingo ikwana, a Mwale, malinga tibwere ndi makoma athu. Ndifotokoze. Pulayiwudi amabwera wa mamita 2.44 ndi 1.22. Khoma limodzi: felemu ya matabwa a mamilimita 50 ndi 50, pulayiwudi mbali zonse ziwiri, wa mamilimita 12 kuti sikuluu igwire. Makoma 10 atipatsa nkhope 20, ndiye kuti zithunzi 20 zazikulu bwino, kapena kuposerapo ngati zina n'zazing'ono. Khoma loima lokha limagwa mwana akangoliyedzamira, choncho timalumikiza awiriawiri ngati chilembo cha L ndi mabawuti, pansi n'kutsamiritsa thumba la mchenga m'kati mwa ngodya. Penti akhale PVA woyera wosanyezimira, kupaka kawiri, aume masiku awiri tisanapachike kanthu. Penti wonyezimira amabweza kuwala m'maso, munthu amaona nyali m'malo mwa chithunzi.

Kupachika kuli ndi lamulo limodzi limene anthu ambiri amaliphwanya: pakati pa chithunzi chilichonse pakhale masentimita 150 kuchokera pansi, kaya n'chachikulu kaya n'chaching'ono. Kokani chingwe pa msinkhu umenewo musanaboole. Ambiri amafananiza m'mwamba mwa mafelemu, zotsatira zake zazing'ono zimakwera kudenga. Kuseri kwa felemu tiike timphete tiwiri ta D-ring, pa khoma masikuluu awiri. Msomali umodzi ndi chingwe, chithunzi chimapendama munthu aliyense akadutsa.

Chionetsero chikatha, makoma amenewa timamasula mabawuti n'kuwasunga. Tsiku limene nyumba ya a Mwale idzaime, adzalowamo omwewa.

Chisomo: Nanga malaiti akathima, amalume a Tembo? Tonse tikukumbukira za 2024 madzi atatsika ku Kariba.

A Tembo: Funso labwino mwana wanga. Nyali za LED 10 za mawati 10 iliyonse ndi mawati 100. Kuyatsa maola 6 ndi 600Wh. Batire ya 12V 100Ah imasunga pafupifupi 1,200Wh, koma ya asidi simuitsitsa kupyola theka, apo ayi imafa msanga. Ndiye batire imodzi ikwana tsiku limodzi ndendende, popanda chotsala. Tikhale nazo ziwiri ndi sola yotchajira. Jenereta ayi: phokoso, utsi, ndipo mwaye umakhala pa zithunzi. Nyali ziloze chithunzi mopendeka, pafupifupi madigiri 30, kuti mthunzi wa woonerayo usagwere pa ntchito. Zojambula pa pepala ndi nsalu zimasuluka msanga, zimafuna kuwala kochepa, malakisi 50 (lakisi ndi muyezo wa kuwala). Za penti wa mafuta zimapirira mpaka 200. Mawindo a holo amene dzuwa limalowera titchinge ndi nsalu yoyera yokhuthala. Musaiwalenso kuti Ogasiti ndi mwezi wa mphepo ndi fumbi. Kukolopa ndi chonyowa m'mawa uliwonse, tsache louma lisalowe.

Agogo a Mbewe: Ana anga, ndawerenga zonse. Ndamva ena pa msonkhano akuti tidzaika nkhope za Gule Wamkulu pa makoma kuti azungu abwere. Pamenepo chenjerani. Inde UNESCO inalemekeza Gule mu 2005, wa ku Malawi, Mozambique ndi kuno, koma sikuti inatsegula dambwe. Zilombo zili ndi eni ake. Simungapite kumudzi n'kugula kwa mnyamata wosowa ndalama, n'kupachika pafupi ndi Mkaika sabata yomwe mafumu asonkhana kudzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Mlandu wake simungauthe, ndipo gulu lathu lidzatsekeredwa zitseko zonse. Njira ndi iyi: nthumwi zipite kwa amfumu a dera limene kuli holo, iwo atilozere kwa akuluakulu a mwambo, amenewo ndiwo anene chimene chingaonetsedwe ndi mawu amene angalembedwe pansi pake. Akati ayi, ndi ayi. Ku Mua ku Malawi, Kungoni imene bambo Claude Boucher anaiyambitsa mu 1976 ili ndi nkhope zambiri mu Chamare Museum, koma bamboyo anakhala pakati pa anthu zaka zochuluka mpaka kupatsidwa mfunda wa Chisale. Ife tili ndi miyezi isanu.

Chisomo: Zamveka agogo. Komanso cholinga chathu ndi luso la lero, la anthu amoyo. Wojambula akafuna kukamba za gule m'chithunzi chake, imeneyo ndi ntchito yake, koma nayonso tiionetse kaye kwa akuluakuluwo.

Agogo a Mbewe: Ndiye kulankhula kumeneko.

Mayi Zulu: Tsopano za mapepala, chifukwa popanda izi palibe kampani idzatipatsa ngwee. Gulu lathu lakumudzi ndi nyumba ya zaluso zikhale zinthu ziwiri, mabuku awiri, maakaunti awiri. Mukasakaniza, tsiku la maliro ndalama ya chionetsero idzagula bokosi, ndipo palibe angakane. Tingalembetse kwa Registrar of Societies, kapena ku PACRA, ofesi yolembetsa makampani, ngati kampani yosagawana phindu, imene amati limited by guarantee. Ine ndikonda yachiwiriyi chifukwa opereka thandizo amaizindikira msanga, ngakhale imafuna kupereka malipoti chaka chilichonse. Kenako TPIN, nambala ya wolipira msonkho, ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, akaunti ya ku banki yosaina anthu awiri mwa atatu, ndiponso kulembetsa ku National Arts Council. Tikakhala ndi mabuku oyera tipemphe kuvomerezedwa ngati public benefit organisation, bungwe lothandiza anthu. Ubwino wake, kampani ikatipatsa mphatso imatha kuichotsera powerengera msonkho, ndiye kupempha kumaphweka.

Za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'makonstityuwensi, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi mu 2022, ndipo nkhani ya kumanga ndi kumene ingakalowere. Koma pempho limayambira ku Ward Development Committee ya komweko, kaya ndi ku Mkaika kaya ku Milanzi. Ife a mu Lusaka sitingalembe tili ku Kabwata. Tifunika komiti ya anthu okhala ku Katete, ndipo pempho lathu lidzapikisana ndi mijigo, madesiki ndi zipatala. Chimene chingatiimiritse pamzere umenewo ndi buku la alendo losonyeza kuti ana asukulu mazana anabwera kudzaona.

A Mwale: Pamenepo mwandigwira pakhosi. Koma malo omangapo ku boma tisawataye. Tipitirize kutsata mapepala ake ku khonsolo.

A Banda (Wapampando): Zalembedwa, a Mwale. Nanga ndalama yowonjezera ichokera kuti? Wina anatchula dina dansi.

ANaphiri (Msungichuma): Dina dansi tiiwale. Holo, chakudya, oimba, zokongoletsa, zonse mumalipira tikiti isanagulidwe ndi imodzi yomwe, ndipo theka la matebulo amakhala a "ndidzalipira kumapeto kwa mwezi". Ogula zithunzi ali muno mu Lusaka, ndiye malonda achitike muno mu Juni, chionetsero ku Katete mu Ogasiti. Tifunse mtengo wobwereka malo ku Henry Tayali Gallery ku Showgrounds, tifunsenso kwina tiyerekeze. Ntchito 25, iliyonse ikhale ndi mtengo wotsikitsitsa umene mwini wake wavomera polemba. Zisanu zabwino koposa tichite okushoni, ogula apikisane mitengo, zotsalazo mtengo wokhazikika. Okushoni ya zinthu 25 imatopetsa, pofika pa chakhumi anthu ali panja. Yagulidwa, kadontho kofiira pa lebulo. Ntchito isachoke ndalama isanalowe. Kulipira kukhale pa nambala ya bizinesi ya Airtel Money kapena MTN MoMo ya m'dzina la bungwe, osati ya munthu, ngakhale yanga.

A Sakala: Aluso akwathu angopereka ntchito zawo ulere, si chitukuko cha kwawo chomwe?

A Tembo: Ayi a Sakala, pepani. Inu mukupereka K50, mukufuna wojambula apereke ntchito ya mwezi wathunthu, nsalu ndi penti zogula yekha? Mukatero adzakupatsani zimene zinakanika kugulidwa, ndipo ogula amazindikira. Mwini ntchito 70 pa 100 iliyonse, bungwe 30. Wofuna kupereka zambiri anene yekha. Pakhale fomu ya tsamba limodzi: dzina la ntchito, chaka, zipangizo, muyezo, mtengo, kagawidwe, tsiku lolipira mwini wake, masiku 14 chigulitsireni, ndi amene adzalipira ikawonongeka.

Kuwonongekako kumachitika pa msewu koposa m'holo. Ulendo wa ku Katete ndi makilomita pafupifupi 500. Zithunzi zisalowe pansi pa basi pa siteshoni ya Intercity pamodzi ndi matumba ndi njinga. Galimoto yotseka, zithunzi zitaima chilili, nkhope kuyang'anana ndi nkhope, msana ndi msana, katoni pakati. Pepala losalala liyambe kukuta penti, pulasitiki wa timatuza abwere pamwamba, timatuzato tiloze kunja. Tikakhudza penti kukutentha, timasiya madontho osachoka. Jambulani ntchito iliyonse ndi foni kutsogolo, kuseri ndi m'ngodya ponyamuka ndi pofika. Zosema zamtengo muziyang'ane pansi: mukaona ufa, ndiye kuti zafumbwa. Chotero chimangidwe m'pulasitiki osalowa mpweya, chikhale mufiriza wozizira madigiri 20 pansi pa ziro sabata yathunthu, ndipo chikatuluka musamasule mpaka tsiku lotsatira, kuti thukuta likhale kunja kwa pulasitiki.

A Sakala: 30 yachepa. Mayendedwe okha adya zonse. Ine ndikuti 60 ndi 40.

Chisomo: Pamene akulu akukambirana magawo, ine nditenge za ana. Masiku 5, magulu awiri pa tsiku, ana 25 pa gulu, ndi ana 250. Kupitirira 25 wophunzitsa mmodzi sakwanitsa. Sabata ya Kulamba masukulu amakhala pa holide, ndiye makalata kwa ahedi apite Julaye asanathe, apo ayi holo idzakhala ya akuluakulu okhaokha. Zipangizo: makala, mapepala a nyuzi osalemba, dongo la kudambo. Amayi oumba mbiya tiwaitane ngati aphunzitsi, ndipo alipidwe. Zimene ana aumba zisaotchedwe sabata yomweyo, ziume pamthunzi masabata awiri, dongo lonyowa m'kati limaphulika pamoto. Malebulo onse akhale m'Chichewa ndi m'Chingerezi, zilembo zazikulu zoti agogo awerenge opanda magalasi.

Agogo a Mbewe: Agogo ake ati? Ine maso anga ndi akuthwa kuposa ako.

A Banda (Wapampando): Haha. Tiponye voti Lachisanu pa zinthu ziwiri: chionetsero choyamba kapena njerwa, ndiponso 70 kapena 60. Mayi Zulu abweretse mafomu a PACRA. A Tembo, makotesheni atatu a pulayiwudi ndi mabatire. Agogo a Mbewe atsogolere nthumwi kwa amfumu. Ndani akupita kumudzi mwezi uno akatiyezere holo?

A Mwale: Ndipita ine pa 14. Tepi ndili nayo. A Tembo, ndiyeze chiyani kupatula makoma?

A Tembo: Chitseko, amwene. Kutalika ndi kufupika kwake. Makoma athu ndi a mamita 2.44, ngati salowa choimirira tidziwe lero kuti alowa chogona. Muwerengenso masoketi, ndipo muyang'ane kudenga ngati kuli mileme.