Thunderbird ikulandira maimelo koma kutumiza ikukana

Wa ku Mangochi Boma: Akuluakulu, Gmail pa Thunderbird (pulogalamu ya maimelo ya pa kompyuta) ikulandira maimelo bwinobwino, koma kutumiza ikukana. Vuto lingakhale pati?

Wa ku Namwera: Achimwene, njira yolandirira maimelo imatchedwa IMAP, yotumizira ndi SMTP, ndiye yang'anani ma settings a SMTP mu Thunderbird. Seva ikhale smtp.gmail.com, port (nambala ya khomo lolumikizira ku seva) 587 ndi STARTTLS, kapena 465 ndi SSL/TLS (ziwirizi ndi njira zotetezera kulumikizanako). Mukaphatikiza 465 ndi STARTTLS, Thunderbird imangozungulira mpaka nthawi kutha.

Wa ku Monkey Bay: Zoona. Komanso pa Authentication method (njira yolowera) sankhani OAuth2 (kulowa kudzera pa tsamba la Google), chifukwa Google inasiya kulola pasiwedi wamba pa mapulogalamu oterewa. Pa dzina lolowera lembani adiresi yonse, mpaka @gmail.com.

Wa ku Makanjira: Ikakanabe, onani kukula kwa fayilo imene mwaiphatika pa imelo. Yoposa 25 MB Gmail siyitumiza, iikeni pa Google Drive.