Chiliza kapena mjigo? Ndithandizeni nzeru pa za malemu mayi anga

Nachisale_Joni

Abale, nkhani iyi yandisowetsa tulo. Mayi anga anatisiya mu Ogasiti chaka chatha, tinawaika kwathu, kamudzi kena kupitirira Namwera, njira ya ku Chiponde. Ana tilipo anayi. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, achimwene ali ku Blantyre, ang'ono anga awiri ali kumudzi konko. Takhala tikusonkha pang'onopang'ono, pano zakwana K1,400,000, ndipo pangano linali loti timange chiliza cha matailosi.

Nditapita kwathu pa Pasaka ndinapeza mjigo wa kuseri kwa nyumba yathu uli wakufa, chogwirira chili lende. Mayi ndiwo anali msungichuma wa komiti ya mjigowo. Mwezi ukatha ankayenda khomo ndi khomo ndi kabuku kawo ka masamu, ndalama akuponya m'kachitini ka mkaka. Mwana akachapira pasimenti ya mjigo, mudzi wonse unkamva mawu awo. Atangogona pamphasa, kutolera kunathera pomwepo. Lero azimayi akukatunga kudambo kumene mbuzi zimamwera. Ndinawaona ndi maso angawa, ndipo ndinakumbuka kolera ya 2022 ndi 2023 momwe inavutitsira ku Mangochi.

Mtima wanga ukuti ndalamazi zipite ku mjigo. Achimwene akuti ayi, anthu adzanena kuti ana anayi athunthu alephera kumangira mayi awo. Kodi ndikulakwa? Alipo anachitapo zotere?

Che_Malombe

Pepani ndi maliro, achemwali. Ine ndine Msilamu, inu mwina ayi, koma mverani izi. Ife timaphunzitsidwa kuti munthu akamwalira ntchito zake zimaduka kupatula zitatu: sadaka yopitirira (chopereka chimene anthu amapindula nachobe), maphunziro amene anthu akupindula nawo, ndi mwana wabwino womupempherera. Sa'd ibn Ubadah mayi ake atamwalira anafunsa Mtumiki Muhammad kuti sadaka yopambana ndi iti, anamuyankha kuti madzi, iye n'kukumba chitsime m'dzina la mayi akewo. Ife bambo atamwalira, arobaini (mwambo wa tsiku la 40 munthu atamwalira) itadutsa, tinakonza chitsime cha pamzikiti kwathu m'mbali mwa Malombe. Amatungapo ndi a tchalitchi omwe. Simukulakwa.

Makaniko265

Ine ndilankhule za zitsulo. Musatumize ndalama musanadziwe chafa n'chiyani. Mijigo yambiri kuno ndi ya Afridev, ndipo anaipanga dala kuti anthu akumudzi azitha kuikonza okha. Kawirikawiri chimatha ndi tiraba ta pansi, mabushi a pachogwirira, kapena ndodo imodzi yaduka. Zimenezo sizingadye ngakhale theka la ndalama mwatchulazo. Nkhani imakula mapaipi akang'ambika kapena kugwera pansi, kapenanso chitsime chenichenicho chikauma. Pamenepo mukunena zokumba china, ndipo ndi mamiliyoni angapo.

Ndiye tumani mng'ono wanu akapeze makaniko wa m'dera, ofesi ya zamadzi ku boma imawadziwa. Atsegule, azule ndodo zonse anthu akuona, alembe zofunika papepala. Zipangizo mukagule nokha, malisiti musunge.

Koma mwawerenga bwino zimene mwalemba nokha? Mjigowo unafa kabuku katasiya kuyenda. Mukaukonza popanda woloŵa m'malo mwa mayi anu, chaka chamawa ngati chino mudzaupeza uli lende kachiwiri.

AnkoloAPaMonkeyBay

Mwana wanga, ine ndiima kumbali ya achimwene ako pang'ono. Chiliza si chodzionetsera ayi. Mvula ya zaka zitatu imafafaniza mtumbira, adzukulu adzabwera osadziwa pomwe agogo awo agona. Ine manda a mayi anga ndimachita kufunsa kwa akuluakulu, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Chinanso, iwe uli kutali. Ukangotumiza ndalama n'kulamula, kwanu adzati wa ku Joni wayamba kudzimva. Nkhaniyi iyambire kwa amalume ako, iwo ndiwo eni mbumba, akhazike pansi ana nonse. Mukagwirizana mupite kwa amfumu. Mjigo ndi wa mudzi, si wa banja lanu, ngakhale uli kuseri kwa nyumba yanu. Ukaulembapo dzina la mayi ako amfumu osadziwa, tsiku lina wina adzauzidwa kuti usatunge pa mjigo wa eni ake. Ndinaziona zimenezi.

Matailosi asiyeni. Njerwa, matumba angapo a simenti ndi dzina lolembedwa bwino, chakwana.

Nachisale_Joni

Zikomo nonse. Ankolo, mawu anu andilasa, chifukwa zoona ndinali nditayamba kulankhula ngati ndalamazo ndi zanga ndekha. Usiku wathawu ndinaimbira amalume, tinacheza mpaka mayunitsi kutha. Avomera kuitana achimwene kumapeto a mwezi uno, ine ndidzamvera pafoni. Ndikapempha chiliza cha simenti chabe, zotsalazo ku mjigo.

A Makaniko, mng'ono wanga wakapeza kabuku kaja m'sutikesi ya mayi, pansi pa yunifolomu yawo ya Mvano. Maina a mabanja 43, aliyense ndi timizere take. Tsamba lomaliza analemba mu Meyi, dzanja likunjenjemera kale. Wanditumizira chithunzi pa WhatsApp ndipo ndalira kuntchito. Iyeyo akuti akhoza kupitiriza kutolera ngati mudzi ungamusankhe.

Funso lina: zipangizo za Afridev zimapezeka pa Namwera pomwepo, kapena mpaka atsikire ku Mangochi boma?