Thandizeni abale, amayi abinya mwendo kuno ku Cape Town

Abale, makamaka inu okhala ku Cape Town, ndikupempha nzeru. Ndinabwera ndi amayi anga kudzaona mzinda, ndiye dzulo potsika kamsewu kamiyala kotsetsereka ku Bo-Kaap anaterereka n'kubinya mwendo. Pakakolo patupa kwambiri ndipo mmbali mwadera, nsapato sikulowa. Akaponda amakuwa. Ndamanga bandeji, ndikuikapo ayisi wokulunga m'kansalu, mwendo tikumausanjika papilo.

Iwo akuti n'zazing'ono, ndingowathowa ndi madzi otentha. Ine mtima sukundilola, chifukwa pamsinkhu wawo fupa silichedwa kuthyoka, ndipo ndikufuna akajambulidwe. Kodi mlendo wongobwera ndi pasipoti ya Malawi amalandiridwa bwanji kuchipatala cha boma? Amalipiritsa asanamuone? Kapena tingopita chapulayiveti? Nanga ndodo zoyendera amabwereketsa kuti?

Tinagula kale matikiti a boti la ku Robben Island, lonyamukira ku V&A Waterfront. Amayi akhala akulakalaka kuona chipinda chimene Nelson Mandela anatsekeredwamo, moti sindikufuna kuwakhumudwitsa. Amene munapitako, kumeneko munthu amayenda wapansi mtunda wotani? Njinga ya olumala imalowa m'botimo?